Kulowa mu Tete tsiku ndi tsiku: ndalama ya ulendo imathera pati?

Ndalama ya ulendo wa ku ntchito ndi yovuta kuiona chifukwa imatuluka m'thumba pang'onopang'ono. Lendi ya nyumba munthu amaidziwa pamtima. Thumba la ufa amadziwa mtengo wake, magetsi a Credelec amadziwa kuti mwezi uno wagula a zingati. Koma mumufunse kuti mwezi wathawu chapa (minibasi) ndi mota (njinga yamoto) zamudyera zingati, yankho lake limakhala lakuti "zambiri ndithu", basi. Ambiri a ife amene tinachoka ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga kapena ku Chiúta kudzafuna ntchito mu Tete tinafikira kwa abale ku Matundo, ku Chingodzi kapena ku Moatize, ndipo tinayamba kuyenda monga mmene abalewo ankayendera osadzifunsa ngati njira imeneyo ikutikomeradi ifenso. Ine ndikuona kuti funso lakuti "chotchipa n'chiti, chapa kapena mota?" limatisocheretsa. Chimene chimadya ndalama mu Tete si mtundu wa chokwera ayi, koma kuchuluka kwa maulendo amene mukukwera ndi kutsika pa tsiku, ndipo kuchuluka kumeneko kumachokera pa malo amene mwasankha kugona poyerekeza ndi mtsinje.

Tiyambire pa mtsinjewo. Zambezi anadula mzinda pakati. Maofesi a boma, mabanki, chipatala chachikulu cha chigawo ndi masitolo ambiri zili tsidya la kum'mwera, pamene Matundo, Chingodzi ndi bwalo la ndege zili tsidya la kumpoto. Moatize ali patsogolo pake, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 potsata msewu wa N7 wopita ku Zóbuè, ndipo kuti mufike kumeneko mumawolokanso mtsinje wina, Revúboè. Pa kalembera wa 2017 mzinda wa Tete unali utadutsa kale anthu 300,000, ndipo malasha a ku Moatize anakokera anthu ochuluka kuno kuyambira pamene migodi ikuluikulu inayamba kutulutsa malasha cha m'ma 2011. Khamu lonseli, likafuna kulowa pakati pa mzinda kuchokera kumpoto, lili ndi khomo limodzi lapafupi: mlatho wa Samora Machel, umene unatsegulidwa mu 1973 ndipo ndi wautali mamita oposa 700. Mlatho wachiwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mtsinje, ndipo unathandiza kwambiri pochotsa malole akuluakulu pa mlatho wakale. Koma kwa munthu wa ku Matundo wopita ku ofesi, Kassuende ndi njira yozungulira, si yake. Choncho m'mawa uliwonse machapa, mamota, matchopela (njinga zamoto za matayala atatu), njinga ndi anthu apansi zonse zimakathithikana pa mlatho umodzi.

Tsopano tengani pepala. Osawerengera za tsiku limodzi, werengani za mwezi. Wogwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu ali ndi masiku pafupifupi 22 pa mwezi, wogwira ndi Loweruka lomwe, monga ambiri a m'masitolo ndi m'misika, ali ndi 26. Mitengo imasintha, ndiye inu muikepo imene mumalipiradi, ine ndingoyerekeza kuti kukwera kamodzi ndi metikali 15. Munthu wokwera chapa imodzi popita ndi imodzi pobwerera awononga 30 pa tsiku, 660 pa masiku 22. Mnzake amene amakwera ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera, chifukwa chapa ya ku bairu (dera la m'tauni) kwawo siifika kumene amagwira ntchito, awononga 1,320. Ngati munthu yemweyu amachedwa kawiri pa sabata n'kukwera mota ya metikali 50, onjezani 400 ina. Wafika pa 1,720 asanagule madzi akumwa pa njira. Kumbukirani kuti malipiro otsikitsitsa a wogwira ntchito m'boma, pamene ndondomeko ya malipiro ya TSU inayamba mu 2022, anali osakwana 9,000, ndipo alonda, ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndi othandiza m'masitolo ambiri amalandira zochepera pamenepo. Mtunda wa anthu awiriwa ukhoza kukhala wofanana ndithu. Chasiyanitsa ndi chakuti wina amalipira kawiri pa tsiku, wina kanayi.

Pali chinthu china chimene chimachulukitsa maulendowa, ndipo aliyense woyenda pa chapa mu Mozambique amachidziwa: kudula njira. Nthawi imene anthu achuluka pa parajemu (pokwerera chapa), motorista (madalaivala) ena safuna kuyenda njira yonse imene chilolezo chawo chimanena. Kobradori, wotolera ndalama, amaitanira malo a pakati, onse n'kutsika pamenepo, kenako galimoto yomweyo kapena ina n'kuitanira gawo lotsalalo ndi mtengo watsopano. Ulendo umodzi wasanduka iwiri. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Motorista ndi kobradori ambiri galimoto si yawo, mwini wake amafuna ndalama yoikika madzulo aliwonse, mafuta agula okha, ndipo chotsala ndicho chawo. Mtengo wa mutu umodzi sangaukweze paokha, ndiye amafupikitsa njira. Ndimawamvetsa, koma mchitidwewu ndi wosaloledwa, ndipo amene amapwetekeka nawo ndi wosauka kuposa iwo. Chida chimene wokwera ali nacho ndi nthawi. Ntchito za boma zimayamba 7:30 n'kuweruka 15:30, masukulu ndi masitolo nawo amatsegula cha m'nthawi yomweyo, ndiye chipwirikiti chimakhala pa maola odziwika. Wonyamuka kusanayere bwino amapeza chapa zikufuna anthu, osati anthu akufuna chapa, ndipo pamenepo galimoto imapita mpaka kumapeto kwa njira. Theka la ola la tulo limene mwataya lingakupulumutsireni ulendo wathunthu tsiku lililonse. Madzulo n'chimodzimodzi: ngati simukuthamangira mwana, kudikira kuti khamu liphwe kumatchipa kuposa kulimbirana pa khomo kenako n'kugonja kukwera mota.

N'kofunikanso kudziwa kumene mtengo wa chapa umachokera, kuti musamangokangana ndi kobradori pa zinthu zimene iye sanaike. Mitengo ya m'tauni imavomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda itakambirana ndi mabungwe a eni magalimoto, ndipo mkangano wake nthawi zonse umayambira pa mafuta. Mtengo wa mafuta umalengezedwa ndi bungwe la boma la ARENE. Mu July 2022, mafuta atakwera pa dziko lonse, gazolina inafika pa metikali 86.97 pa lita ndipo dizilo pa 87.97 m'mizinda ya m'madoko. Kuno timalipira zoposa za m'madoko, pakuti mafuta athu amachokera ku Beira pa malole, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Boma limachita mantha kukweza mtengo wa chapa, ndipo lili ndi chifukwa: pa 5 February 2008 anthu ku Maputo anatseka misewu atamva kuti chapa yakwera, mpaka chiganizocho chinabwezedwa. Zotsatira zake n'zakuti mtengo wovomerezeka umatha nthawi yaitali osasuntha pamene dizilo, matayala ndi zipangizo zikukwera, ndipo kusiyana kumeneko kumadzatulukira kwina: kudzaza anthu mopitirira, kudula njira, kulipiritsa katundu. Kwa inu phunziro lake ndi lakuti chapa, pa kilomita iliyonse, idzakhalabe yotchipa kuposa chokwera china chilichonse cha injini, chifukwa mtengo wake ndi womangidwa ndiponso mafuta ake mumagawana anthu oposa khumi. Mota ndi tchopela mtengo wake ndi wokambirana, ndipo umakwera tsiku lomwelo limene mafuta akwera, kapena mvula ikagwa, kapena kukada.

Ndiye njira yoyamba yochepetsera ndi kuchotsa ulendo umodzi pa iwiriyo n'kuuyenda pansi. Munthu wamba amayenda kilomita imodzi pa mphindi 12 mpaka 15. Mlatho wa Samora Machel uli ndi poyenda anthu apansi, ndipo ambiri a ku Matundo amawoloka choncho tsiku lililonse. Wokhala pafupi ndi mlatho amene ntchito yake ili pafupi ndi tsidya linalo akhoza kutha mwezi osakwera kanthu. Wokhala kutali angakwere chapa imodzi, gawo lotsalalo n'kumaliza ndi miyendo. Koma pano tinene zoona, Tete si Ulongué, tauni yozizira ya ku Angónia. Mu October ndi November kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo kuyenda makilomita atatu dzuwa lili paliwombo si kusunga ndalama, ndi kudziitanira matenda. Chimene chimatheka ndi kugawa tsiku: m'mawa kukadali kozizira yendani pansi, masana pobwerera kwerani. Kapena kugawa chaka: kuyambira May mpaka August muyende kwambiri, ndalama imene mwasungayo idzakukwezeni m'miyezi ya dzuwa. Nyamulani madzi kuchokera kunyumba, chifukwa botolo logula pa msewu limabweza ndalama yonse imene miyendo yapulumutsa. Amayi oweruka usiku, monga ogwira ntchito m'malo odyera kapena ophunzira sukulu ya madzulo, nkhani yawo ndi ina. Kwa iwo sindingalimbikitse kuyenda okha mu mdima pofuna kusunga metikali 15, ndipo ndi bwino ndalama ya ulendo wa usiku ikhale yoyamba kupatulidwa.

Mota ya hayala ili ndi ntchito yake. Imalowa m'tinjira ta m'bairu momwe chapa siifika, ndipo imakufikitsani msanga pamene mwachedwa. Vuto limabwera ikasanduka chizolowezi. Ngati n'kosatheka kuipewa, kambiranani ndi mnyamata mmodzi wodalirika kuti azikutengani nthawi yomweyo tsiku lililonse, muzimulipira pa sabata. Iye amasangalala ndi ndalama yotsimikizika ya m'mawa ndipo kawirikawiri amatsitsa mtengo. Musalipiriretu mwezi wonse, mota imawonongeka ndipo anyamatawa amasintha malo. Muone ngati ali ndi kapasete (chipewa choteteza mutu) yachiwiri, ngati alibe gulani yanu. Tchopela payekha ndi yodula, koma anthu atatu a njira imodzi akagawana imatha kuyandikira mtengo wa chapa ziwiri, komanso imakutsitsani pakhomo. Kwa mayi wonyamula dengu la tomato kapena thumba la mbatata kuchokera ku msika wa Kwachena, amene pa chapa akalipiritsidwa katundu padera, tchopela yogawana nthawi zina ndiyo yotchipa.

Njinga yakapalasa ndiyo imandimvetsa chisoni kuti ambiri timaisiya tikafika m'tauni. Kwathu ku Angónia munthu amapalasa makilomita ambirimbiri atasenza matumba a chimanga, koma akapeza ntchito ya mu ofesi amayamba kuiona ngati yochotsa ulemu. Ku Quelimane mzinda wonse umayenda pa njinga ndipo palibe amene amachita nazo manyazi. Pa mtunda wa makilomita 5 mpaka 8, monga wochokera mbali zambiri za Matundo ndi Chingodzi, palibe chimene chingapose njinga pa kutchipa. Mukaigula, chotsala ndi chubu, tayala, tcheni ndi loko wolimba. Munthu amene ankawononga 1,320 pa mwezi amabweza mtengo wa njinga m'miyezi yochepa chabe. Funsani ku khonsolo za mapepala a njinga kuti apolisi a mzinda asakuvutitseni, ikani nyali ndi zonyezimira, ndipo pezani pouisiya potetezeka musanagule, chifukwa njinga yobedwa mwezi wachiwiri ndi ndalama yotayika. Za Moatize ndiye ayi. Makilomita 40 kupita ndi kubwera, pa N7 pamene pamadutsa malole opita ku Malawi, pa dzuwa la kuno, ndi ochepa amene angapirire chaka chonse.

Anthu a ku Moatize ndiwo amene maganizo ogula mota yawoyawo amawafikira kwambiri, ndipo apa m'pofunika kuwerenga mosadzinyenga. Mota yaing'ono yosamalidwa bwino imayenda makilomita pafupifupi 40 pa lita imodzi, ndiye ulendo wa Moatize kupita ndi kubwera ndi lita imodzi pa tsiku. Tikayerekeza kuti lita ndi pakati pa 85 ndi 90, masiku 22 akupatsani pafupifupi 1,900. Ambiri amalekera pomwepo n'kunena kuti yatchipa. Koma motayo inagulidwa ndi ndalama, ndipo ikutha tsiku lililonse. Tiyerekeze kuti mwaigula 60,000 ndipo ikutumikirani bwino zaka zitatu: pa mwezi ndi pafupifupi 1,670. Pamwamba pake pali oyilo, matayala, tcheni, mabuleki, inshuwalansi imene lamulo limafuna, manifesito (msonkho wa mota) ya chaka ndi chaka, ndi kalata yoyendetsera yochokera ku bungwe la boma la INATRO. Mwadutsa kale 3,600. Ngati ndalama yogulira munakongola, onjezani chiwongoladzanja. Kwa munthu mmodzi amene chapa imamutenga pafupi ndi nyumba n'kumutsitsa pafupi ndi ntchito, mota siitchipa, imangomupatsa ufulu ndi nthawi, ndipo zimenezo akhoza kuzigula ngati akuzifuna akudziwa mtengo wake. Masamu amasintha pamene mota imodzi ikunyamula awiri, mwamuna ndi mkazi wake kapena anansi ogwira ntchito mbali imodzi, kapena pamene munthuyo amakwera kanayi kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Pamenepo ikhoza kupambana. Galimoto yaing'ono, kwa munthu woyenda yekha, sindiiwerengera n'komwe pa nkhani ya kutchipa. Mafuta ake okha ndi owirikiza katatu kapena kanayi a mota. Imayamba kumveka pokhapokha anthu anayi akusonkherana mafuta.

Kusonkherana kumeneku kumatifikitsa pa boleya, kukwezedwa m'galimoto ya wina. Makampani ena, makamaka a ku migodi, ali ndi mabasi otenga antchito awo, ndipo pofunsira ntchito ndi bwino kufunsa za zimenezi pamodzi ndi malipiro, chifukwa ntchito ya malipiro ocheperako yokhala ndi basi ikhoza kukusiyirani zambiri m'manja. Kumene kulibe basi, kumakhala mnzanu wa galimoto wodutsa njira yanu. Boleya yaulere siikhalitsa. Sabata yoyamba mwini galimoto amakondwa, ikafika yachitatu amayamba kunyamuka osakuimbirani. Mukamupatsa kangachepe ka mafuta pa sabata, mwapangana poyera, inu mumakhala ndi mpando wotsimikizika ndipo ubale sumawonongeka. Musungeni nthawi, asamaime pa msewu kukudikirani.

Koma chachikulu pa zonsezi, chimene chimaposa machenjera onse a pa parajemu, ndi nyumba. Lendi ndi ndalama ya ulendo ndi thumba limodzi, ndipo ziyenera kuwerengedwa pamodzi musanapereke ndalama kwa mwini nyumba. Tiyerekeze kuti mwapeza nyumba kutali yotchipa ndi 1,500 poyerekeza ndi ina ya pafupi ndi mlatho. Ngati kutalikako kukuwonjezerani metikali 40 pa tsiku, pa masiku 26 ndi 1,040, ndiye mwapindula 460. Koma ngati pa nyumbapo mukutuluka awiri, ndi 2,080, mwaluza kale. Onjezani mwana wa ku sekondale amene nayenso akwera, onjezani ulendo wa ku chipatala, wa ku tchalitchi, wa ku msika, nyumba yotchipa ija yasanduka yodula kwambiri. Palinso maola awiri kapena atatu a pa msewu tsiku lililonse, amene kwa mayi wogulitsa mandasi madzulo kapena mnyamata wophunzira usiku ndi ndalama yeniyeni. Sindikunena kuti aliyense asamukire pakati pa mzinda, lendi ya kumeneko inakwera kalekale migodi itabwera. Ndikunena kuti pofuna nyumba muziyamba mwafunsa kuti chapa yofika ku ntchito kwanu osasintha imadutsa pati, ndipo mufune nyumba imene mungafike pa msewu umenewo ndi miyendo. Nyumba ziwiri za m'bairu imodzi, za lendi yofanana, zikhoza kusiyana ndi maulendo awiri pa tsiku chifukwa chakuti ina ili mkati mwenimweni mofuna mota kuti mutuluke. Amene anamanga kale yawo kapena akukhala kwa abale alibe ufulu umenewu, koma wa lendi ali nawo ndipo ambiri saugwiritsa ntchito.

Wokhala tsidya la Revúboè akumbukirenso za dzinja. Mu January 2022 namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinjewu wolumikiza Tete ndi Moatize, ndipo anthu anakakamizika kuzungulira njira ya ku Kassuende. Njira ikatalika mtengo umakwera pomwepo. Zoterozo sizichitika chaka chilichonse, koma mvula ya December mpaka March imawononga tinjira ta m'mabairu chaka chilichonse, machapa ena amasiya kulowa, ndipo amota amakweza. M'miyezi imeneyi onjezani kena pa bajeti ya ulendo.

Chotsala ndi kasungidwe ka ndalamayo. Malipiro akangolowa, patulani ya ulendo ya mwezi wonse muiike payokha, isasakanikirane ndi ya ndiwo, chifukwa sabata yomaliza ya mwezi ndi imene anthu amakongola kuti akafike ku ntchito. Ngati mumasunga pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, musamatape pang'onopang'ono tsiku lililonse, pakuti kutapa kulikonse kuli ndi kamtengo kake. Tapani kamodzi pa sabata, ndipo mupemphe ndalama zing'onozing'ono. Wokwera ndi ya 200 kapena 500 m'mawa amayambana ndi kobradori, nthawi zina amatsika chenje atachiiwala, ndipo ikasinthidwa yotsalayo imapita ku fanta ndi mayunitsi. Lembani kwa masabata awiri chilichonse chimene mwalipira pa msewu, ndi mota za mwadzidzidzi zomwe, kenako muike pambali pake mtengo wa njinga, wa kusonkherana mafuta ndi mnzanu, ndi wa nyumba ina ya pafupi ndi njira ya chapa imodzi, zonse mutaziwerengera pa mwezi.